Kuphunzitsa mwana kupeza mfundo yaikulu powerenga Chisipanishi

Chisipanishi sichivuta kutchula, ndipo apa m'pamene makolo ndi aphunzitsi ambiri amapusitsikira. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amamveka monga momwe amamvekera m'Chichewa. Ana ambiri a ku Mexico, ku Colombia ndi ku Spain amayambira pa maphatikizo omwe aja tinayambira ife mu Sitandade 1: ma, me, mi, mo, mu. Kupatulapo tinthu tochepa, monga h amene satchulidwa n'komwe, kapena c ndi g amene amasintha kamvekedwe malinga ndi lembo lotsatira, chimene chalembedwa n'chimene pakamwa pamatulutsa. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anayesa ana a m'mayiko osiyanasiyana a ku Ulaya chakumapeto kwa chaka chawo choyamba cha sukulu. Ana owerenga Chisipanishi ankatchula molondola mawu oposa 90 pa mawu 100 alionse, pamene owerenga Chingerezi sankafika ngakhale theka.

Zotsatira zake n'zakuti mwana wa zaka 7 amatha kukuwerengerani tsamba lonse osadodoma, inu n'kumamwetulira, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangoti kukamwa yasa. Izi zimagwera kwambiri mwana amene Chisipanishi si chilankhulo cha pakhomo: ana athu amene akukulira ku Spain, kapena amene ali m'masukulu a zilankhulo ziwiri ku California ndi ku Texas, komwe theka la tsiku, mwinanso kuposa, amaphunzira m'Chisipanishi. Pakamwa patsogola, mutu watsalira.

Malangizo otsatirawa ndi a ana a zaka 5 mpaka 9. Simufunika kukhala katswiri wa Chisipanishi. Mphindi 10 kapena 15 pa tsiku zikwanira, ndipo zokambirana zambiri zikhoza kuchitika m'Chichewa, chifukwa chimene mukuphunzitsa ndi kaganizidwe. Mwana akaganiza bwino m'chilankhulo cha pakhomo savutika kuganiza chimodzimodzi m'Chisipanishi.

1. Yambani popanda buku

Ikani patebulo sipuni, mbale, kapu ndi foloko. Mwana atchule chilichonse: cuchara, plato, taza, tenedor. Kenako mufunseni kuti zonsezi pamodzi tingazitche chiyani. Akati "ziwiya zodyera", kapena cosas que usamos para comer, wachita kale chimene adzachite ndi ndime, wapeza dzina limodzi lokuta zinthu zambiri. Ikanipo nsapato n'kufunsa kuti ¿Cuál sobra?, ndiye kuti n'chiti chosayenera kukhala pano.

Masiku otsatira gwiritsani ntchito zithunzi. Chithunzi cha msika, cha bwalo la mpira, cha banja likudya. Funso likhale limodzi: ¿De qué trata?, chikunena za chiyani? Mwana wamng'ono amayamba ndi kaloza: galu uyu, mayi uyu wavala chipewa. Musamuletse. Akatha mufunseni kuti atati auze agogo pa foni za chithunzichi m'chiganizo chimodzi chokha, anganene kuti chiyani.

2. Sankhani ndime yaifupi, yofotokoza zinthu zenizeni

Musayambe ndi nthano. Nthano imakhala ndi anthu ambiri, zochitika zambiri ndi phunziro kumapeto, ndipo mwana sadziwa kuti mwa zonsezi mukufuna chiti. Yambani ndi ndime ya ziganizo 4 mpaka 6 yokamba za nyama, chakudya, nyengo kapena thupi la munthu. Musanayambe, mwana aloze mawu amene sakuwadziwa. Akapitirira atatu kapena anayi m'kandime kotere, sinthani ndime. Simungaphunzitse mawu atsopano ndi mfundo yaikulu nthawi imodzi, chimodzi chimafa.

Nayi ndime yoyambira:

Las mariposas monarca hacen un viaje muy largo. Cada otoño salen de Canadá y de Estados Unidos. Vuelan miles de kilómetros hacia el sur. Por el camino beben néctar de las flores. En noviembre llegan a los bosques de Michoacán, en México.

Ikunena kuti agulugufe a mtundu wa monarca amayenda ulendo wautali kwambiri. Chaka chilichonse nyengo yozizira ikamayandikira amachoka ku Canada ndi ku United States, amauluka makilomita masauzande kulowera kummwera, m'njira amamwa timadzi ta m'maluwa, ndipo mu Novembala amafika m'nkhalango za ku Michoacán ku Mexico. Izi n'zoona ndithu, ndipo ana amazikonda. Muonetseni mapu ndi chithunzi cha agulugufewo atadzaza mitengo ya oyamel asanawerenge. Mwana amene waona kutalika kwa mtunda pa mapu wamva kale theka la ndimeyo.

3. Pezani kaye amene akukambidwa

M'kalasi ya Chisipanishi muli mawu awiri amene mwana adzawamva kawirikawiri, tema ndi idea principal. Tema ndi munthu kapena chinthu chimene ndime ikukamba, ndipo amatchulidwa ndi mawu amodzi kapena awiri. Idea principal ndi chachikulu chimene wolemba akunena za chinthucho. Yambani ndi tema, ndipo musathamange, chifukwa apa m'pamene Chisipanishi chili ndi msampha wake.

Malangizo ofala amati mwana ayang'ane mawu amene abwerezedwa kwambiri. Yesani pa ndime ya agulugufe ija. Mawu akuti mariposas alembedwa kamodzi kokha. Ziganizo zinazo zilibe mwininkhani wolembedwa: salen, vuelan, beben, llegan. Chisipanishi chimasiya mwininkhani akangotchulidwa koyamba, n'kumusunga kumapeto kwa mneni. Lembo n limene lili kumapeto kwa aneni anayiwo ndi limene likunena kuti ochitawo ndi ambiri, ndipo ndi omwe aja. Mwana wozolowera Chingerezi, chimene chimabwereza mlowam'malo m'chiganizo chilichonse, amasokonezeka apa. Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi, chifukwa ifenso timatero: amachoka, amauluka, amamwa, amafika. Sitibwereza kuti agulugufe, a- wakutsogoloyo amatikwanira. Muuzeni mwana kuti chimene Chichewa chimaika kutsogolo kwa mneni, Chisipanishi chimachiika kumapeto.

Chitani motere. Mupatseni pensulo azungulize mneni aliyense. Pa mneni aliyense funsani: ¿Quiénes salen? ¿Quiénes vuelan? Akuchoka ndani, akuuluka ndani? Akayankha ajambule muvi kuchokera pa mneniyo kubwerera pa mawu akuti mariposas. Pomaliza tsamba likhala ndi mivi inayi yoloza malo amodzi, ndipo tema waonekera yekha popanda inu kumutchula.

Akazolowera, muonetseni njira zina zimene wolemba amabisira dzina lomwelo. Nthawi zina amati ellas, nthawi zina estos insectos, nthawi zina kamawu kakang'ono ngati las mu chiganizo chakuti Mucha gente va a verlas, anthu ambiri amapita kukawaona. Timawu ta lo, la, los ndi las ndi timene ana amadumpha kwambiri, makamaka tikamatiridwa kumapeto kwa mneni. Nato tijambulireni mivi.

Mwana akasankha molakwa musamuuze kuti walakwa. Muwerengetseni.

"Amayi, nkhaniyi ikunena za maluwa."

"Tiye tione, mwanangu. Maluwa ali m'ziganizo zingati?"

"Chimodzi."

"Nanga agulugufe?"

4. Kuchoka pa tema kufika pa mfundo yaikulu

Tsopano bwerani ndi funso lachiwiri: ¿Qué es lo más importante que dice de ellas?, chachikulu chimene akunena za iwo n'chiyani? Lamulo losavuta ndi lakuti yankho likhale ndi mneni. Mwana akati las mariposas basi, akadali pa tema. Akati las mariposas viajan lejos, agulugufe amapita kutali, wafika.

Musayembekeze kuti aphunzira izi pongofunsidwa. Ana ambiri amafunsidwa mfundo yaikulu chaka ndi chaka popanda munthu wowaonetsa momwe imapezekera. David Pearson ndi Margaret Gallagher mu 1983 anafotokoza njira imene aphunzitsi ambiri amatsata lero: mphunzitsi amachita yekha mwana akuona, kenako amachitira limodzi, pomaliza mwana amachita yekha. Gawo loyambalo ndi limene makolo timalidumpha, mwina chifukwa kuganiza mokweza pamaso pa mwana kumachititsa manyazi. Komatu m'pamene pagona luso. Lankhulani zimene zili m'mutu mwanu, ndipo mudutse dala pa yankho lolakwika:

"Ndawerenga. Akukambidwa ndi agulugufe, mivi yanga yonse yaloza pamenepo. Ndiye akuti atani? Mwina mfundo yaikulu ndi yakuti amamwa timadzi ta m'maluwa. Dikira, ndione. Kodi chiganizo chachiwiri chikunena za kumwa? Ayi, chikunena za kuchoka. Chachitatu? Za kuuluka. Chomaliza? Za kufika. Kuchoka, kuuluka, kufika, zonsezi ndi za ulendo. Ngakhale kumwa kuja akumwera m'njira. Ndiye mfundo yaikulu ndi ya ulendo wautali."

Chitani zimenezi pa ndime zingapo, masiku osiyana, musanamupemphe kuti ayese.

Akayamba kuyesa mudzakumana ndi mwana wobwereza ndime yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mankhwala ake ndi kumuikira malire. Janette Klingner ndi Sharon Vaughn, amene anagwira ntchito kwambiri ndi ana ophunzira m'chilankhulo chachiwiri ku United States, ankauza ana kuti anene mfundoyo ndi mawu osapitirira 10. Mwana awerenge pa zala: Las mariposas monarca viajan muy lejos hasta México. Zala 8, zakwana. Zala zikatha chiganizo chisanathe, ayambirenso n'kusankha chotaya, ndipo kusankha chotayako ndiye phunziro lenilenilo. Ngati akuyankha m'Chichewa chepetsani malire afike pa mawu 6 kapena 7, poti liwu limodzi la Chichewa limatha kunyamula zimene Chisipanishi chimanena ndi mawu atatu.

5. Yesani ngati mfundoyo yaima

Lembani chiganizo chilichonse pa kapepala kakekake. Mwana achotse kamodzi n'kuwerenga zotsalazo. Akachotsa ka timadzi ta m'maluwa, ndime ikumvekabe. Akachotsa koyamba kaja, palibenso wodziwa kuti akuchoka ndi kuuluka ndani. Kapepala kamene kuchoka kwake kwagwetsa ndime ndiko kanyamula mfundo yaikulu. Tinato ndi detalles, mfundo zothandizira.

Pojambula, aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito tebulo ndi miyendo yake. Ine ndimakonda mphika ndi mafuwa: mfundo yaikulu ilembedwe pa mphika, zothandizira pa mafuwa atatu, ndipo fuwa lililonse liyenera kukhudza mphikawo. Koma ngati mwana wanu anabadwira ku Madrid ndipo sanaonepo mafuwa, tebulo lomwelo likhale.

Bwererani ku masewera a nsapato aja. Lowetsani kapepala kachilendo pakati pa enawo, monga A mi tía le gusta el color naranja, azakhali anga amakonda mtundu wa olenji, n'kufunsa ¿Cuál sobra? Chiganizochi n'chonyenga bwino chifukwa agulugufe a monarca ndi a olenji, ndipo ana ena amachiteteza. Asiyeni atsutsane nanu, kenako afunseni ngati chikunena za ulendo.

Masewera ena ndi a mayankho atatu. Lembani limodzi lotambalala kwambiri, Los insectos son interesantes; lina lopanikiza kwambiri, Las mariposas beben néctar; ndi lina loyenera. Mwana asankhe, ndipo anene chifukwa chimene wakanira awiri enawo. Mayeso ambiri a kusukulu amafunsa motere, ndipo yankho lolakwika limene limakola ana ambiri ndi lopanikizalo, chifukwa mawu ake alimodi m'ndime.

6. Musamuphunzitse kuti mfundo yaikulu ndi chiganizo choyamba

Pa ndime ya agulugufe zinali choncho, ndipo mwana wochenjera sachedwa kuzindikira njira yachidule. Mukamulekerera adzangomadula mzere pansi pa chiganizo choyamba osawerenga n'komwe. Choncho pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu mupatseni ndime ngati iyi:

Mucha gente cree que el ajolote es un pez, porque vive siempre en el agua. Sin embargo, es un anfibio, como la rana. Tiene cuatro patas. Su piel no tiene escamas.

Ajolote ndi kanyama ka m'ngalande za ku Xochimilco, mumzinda wa Mexico City. Ndimeyi ikuti anthu ambiri amakayesa nsomba chifukwa sikachoka m'madzi, koma ndi ka gulu limodzi ndi chule: kali ndi miyendo inayi ndipo khungu lake lilibe mamba. Mwana wodula mzere pa chiganizo choyamba wanena zosiyana ndi zimene wolemba akufuna.

Apa m'pophunzitsira alumikizi. Pero ndi sin embargo amatembenuza nkhani, ndipo kawirikawiri chimene wolemba akufuna chimabwera pambuyo pake. Por ejemplo amalengeza kuti chikubwerachi ndi chitsanzo chabe, si mfundo yaikulu. También ndi además amawonjezera pa zimene zanenedwa kale. Por eso ndi en resumen amakonda kutsogolera chiganizo chomanga nkhani kumapeto. Musamupatse onse tsiku limodzi. Mmodzi pa sabata, alembedwe pa khoma pafupi ndi mnzake wa Chichewa: pero ndi koma, por ejemplo ndi mwachitsanzo, por eso ndi n'chifukwa chake. Makolo a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira Chipwitikizi ena mwa mawuwa awazindikira msanga, ngakhale kuti pero kwawoko ndi mas.

7. Pamene mfundoyo sinalembedwe paliponse

Ili ndi gawo lovuta, ndipo si la mwana wa zaka 5 kapena 6. Miyezo ya maphunziro ya Common Core, imene inatuluka mu 2010 ndipo imatsatidwa m'zigawo zambiri za United States kuphatikizapo California, imangofuna kuti ana a m'makalasi oyambirira adziwe chimene nkhani ikukamba ndi mfundo zake zofunika. Kupeza mfundo yaikulu ndi kufotokoza momwe zinazo zikuithandizira kumayamba m'giredi 3, ana ali ndi zaka 8 kapena 9. Ngati wanu sanafike msinkhuwo, khalani pa magawo apitawa mosadandaula.

Akafika, yesani iyi:

La llama carga bultos por los caminos de la montaña. Con su lana se tejen mantas y ponchos. Su estiércol seco sirve para hacer fuego.

Llama ndi chiweto cha m'mapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia. Chimanyamula katundu, ubweya wake amalukira mabulangete ndi zovala, ndowe zake zouma amakolezera moto. Mwana achotse mapepala limodzilimodzi monga kale. Aona kuti palibe kapepala kogwetsa ndime. Onse ndi ofanana mphamvu. Muuzeni kuti wolemba wasiya malo a mfundo yaikulu opanda kanthu kuti iye alembepo. Funso lothandiza ndi ¿Qué tienen en común?, zikufanana pati? Kunyamula, kufunda, kuphika: zonse ndi thandizo kwa anthu. La llama ayuda a la gente de muchas maneras. Mayankho olondola akhoza kukhala angapo, ndipo landirani lililonse limene likukuta ziganizo zonse zitatu popanda kubweretsa zimene ndime sinanene. Mwana akati llama ndi nyama yokongola, mufunseni kuti aloze pamene paonetsa zimenezo.

8. Kenako nthano

Mwana amene anakulira pa nthano za agogo amathamangira phunziro. Mukamuwerengera ya Kalulu ndi Fulu, imene m'Chisipanishi ndi ya la liebre ndi la tortuga, n'kufunsa kuti ikunena chiyani, ayankha kuti tisamadzitame. Yankho labwino, koma limenelo aphunzitsi ake amalitcha moraleja, ndipo limafunsidwa padera. Funso la ¿De qué trata el cuento? likufuna zimene zinachitika, mwachidule. Muthandizeni ndi mawu anayi: alguien, quería, pero, entonces. Ndani, ankafuna chiyani, koma chinachitika n'chiyani, ndiye zinatha bwanji. Kalulu ankafuna kupambana mpikisano, koma anagona panjira, ndiye Fulu anafika poyamba. Akanena izi, m'pamene mungafunse za phunziro.

9. Kuti chizolowezicho chikhazikike

Phimbani mutu wolembedwa pamwamba pa nkhani ndi chala kapena kapepala. Mwana awerenge, apeke mutu wakewake, kenako muvundukule n'kuyerekeza. Nthawi zina wa mwanayo umaposa wa m'buku, ndipo muzimuuza. Izi zimathetsanso chizolowezi chokopera mutu ngati yankho. Nkhani ikakhala ya ndime zingapo, aime pakutha pa ndime iliyonse n'kunena chiganizo chake chimodzi asanapitirire. Ziganizozo akaziika pamodzi wapanga resumen, chifupikitso cha nkhani yonse.

Nthawi zina muwerengereni inu, iye angomvetsera. Ngati amapeza mfundo yaikulu pomvetsera koma amalephera akawerenga yekha, mphamvu zake zikuthera pa kutchula mawu, ndipo akufunika ndime zofewa ndi kuwerenga mobwereza. Ngati amalephera ponse pawiri m'Chisipanishi koma amatha mukamufotokozera m'Chichewa, chikusowa ndi mawu a Chisipanishi, ndipo mankhwala ake ndi kumuwerengera ndi kucheza naye kwambiri pa mitu imodzimodziyo, osati kumuwonjezera mafunso.

Pa ntchito ya kunyumba yochokera kusukulu, werengani naye kaye malangizo, chifukwa ana ambiri amalakwa poyankha funso limene sanafunsidwe. Subraya la idea principal akuti adule mzere pansi pa chiganizo chimene chili kale m'ndime. Escribe la idea principal con tus palabras akufuna chiganizo chakechake, osati chokopera. ¿Cuál es el tema? akufuna mawu amodzi kapena awiri basi. Ndipo akapatsidwa ndime ya mtundu wa llama ija n'kuuzidwa kuti adule mzere, pamene palibe chiganizo choyenera kudulidwa, alembe chake m'mphepete mwa tsamba n'kukawaonetsa aphunzitsi m'mawa mwake.